Gudumu la Karocha ya a Katekista

Lonjezolo ndinalipereka pansi pa mtengo wa muwanga, kuseri kwa Cassacatiza, m'chaka chimene nkhondo inkasaka aphunzitsi monga ana asakira mbewa. Mana Felizarda, mlongo wanga wamkulu, anandiperekeza m'tchire mpaka pamene njira ya ku Zambia inkaonekera. Kumsana anali atabereka Aderito, khanda limene bambo ake anali atatengedwa kale ndi anthu a mfuti. Sanalire. Anangogwira dzanja langa n'kuliika paliwombo pa mwanayo.

"Malume ake ndiwe, wina palibe. Tsiku limene mwanayu adzakhale pa mlandu, iwe udzakhale kumbuyo kwake. Usadzakhale kutsogolo n'kumamuloza chala."

Ndinavomera. Wothawa amavomera chilichonse, bola amusiye dzanja.

Ku Lusaka ndinakhalako zaka zoposa makumi atatu, ndikukonza zolakwa m'mabuku a anthu ena pa kampani ina yosindikiza. Ndinawerenga zambiri, zina zabwino, zochuluka zinyalala. Kampani itagwa, mkazi wanga atamwalira, chilolezo chokhalira chitatha, ndinabwerera kuno kufupi ndi Mualadzi. Muwanga uja anauotcha makala. Sukulu imene ndinkaphunzitsa amasungiramo fodya. Uko ndinali Mmozambiki, kuno ndine Mzambia, ndipo mapepala ndilibe, a uko kapena a kuno. Sindingawoloke malire ngakhale kukagula mchere. Ndimagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mana Felizarda, ndikudya chimanga cha Aderito, bambo wa ana anayi tsopano, amene sindinamugulirepo ndi pensulo yomwe. Ngolo yake ya ng'ombe imaima pansi pa zenera langa, ndipo chibwerereni inkandidzutsa m'mamawa uliwonse ndi kulira kwa magudumu ake, ngati nkhumba imene yaona mpeni.

Loweruka lina m'nyengo yokolola, a Marcelino, katekista wathu, anafera pa msewu waukulu wa ku Cassacatiza. Ankayendetsa Karocha, Volkswagen yakalekale ya msana ngati kamba. Padiri, wansembe wa nthawi ya Apwitikizi, anabwera nazo ziwiri. Imodzi inapsa pa nkhondo, inayo a Marcelino anaibisa m'munda wa nthochi mpaka mtendere utabwera. Inkatuluka kawiri pachaka, pa Pasaka ndi pa chikondwerero cha parishi mwezi wa Agosto, ikunyezimira ngati mkwatibwi. Ndili mnyamata ndinaikankhapo m'matope. M'dziko lonse lino ndi chinthu chokhacho chimene ndinachipeza monga ndinachisiyira.

Pa chitsikiro cha kumlatho gudumu la kutsogolo la kumanzere linathyoka n'kuthawira lokha m'thengo, galimoto n'kugubuduzika. Lachiwiri la sabata yomweyo, Nando makaniko anali ataikonza mabuleki a kutsogolo. Maliro atangoikidwa, apolisi anamutenga.

*

Mlanduwo unali m'manja mwa shefi Odete, mkulu wa polisi kuno, mayi wa ku Tete wosataya mawu, amene maso ake ankaoneka kuti anamva kale bodza lililonse la m'boma lino. Anandiuza kuti nkhani ndi yaifupi: munthu wakonza galimoto ali chiledzerere, gudumu lachoka, nkhalamba yafa. Lachisanu kubwera galimoto ya boma kudzamutenga kupita naye kundende ya ku Tete. Achibale a malemu anali atayamba kale kuzungulira ofisina yake yokonzeramo galimoto ndi petulo m'mabotolo, choncho kalaboso, chitokosi cha polisi, inali ngati chifundo. Anandilola kulowa chifukwa Nando anakana kudya mpaka amuitanire Mzambia wake.

Ine ndi Nando tinkatumikira Misa limodzi tili ana, iye akuba vinyo, ine ndikumulondera. Ndinamupeza atakhala pansi, nsapato atavula. Matenda a shuga anali atamutupitsa mapazi ngati mikate.

"Wabwera, dotolo wa mabuku? Khala pa ndowa apo, ndiyo sofa yathu."

Ndinamufunsa ngati anali atamwa tsiku limene ankakonza galimotoyo. Anati anamwa atamaliza, monga Mkhristu aliyense. Kenako anayamba kufotokoza, manja akuyenda m'malere ngati Karocha ili pakati pathu. Pa galimoto imeneyo sungafike pa mabuleki a kutsogolo osachotsa mphika wonse wa gudumu, ndipo mphikawo umazungulira pa marolamentu, timphete ta zitsulo zogubuduzika timene ku Lusaka timati maberingi. Ndiye aliyense wokonza mabuleki ayenera kuwakhazikanso bwino. Mwana wa a Marcelino anali atatumiza atsopano kuchokera ku Joni, poti kuno sapezeka ngakhale ku Tete. Nando anawapaka masa, girisi wofiira wa m'chitini, mwini galimoto akuonerera n'kumapemphera chamumtima.

"Mvetsetsa, poti iwe unazolowera timadontho ta m'mabuku. Poroka yapakati ija, nati yogwira gudumu, umamanga gudumulo likuzungulira, mpaka limve kulemera. Ukatero umabweza pang'ono. Pang'ono pokha, kuti kachitsulo kaphwatalala ka kuseri kwake kazisuntha ukakakankha. Rolamentu imafuna kupuma. Ukaimanga mpaka mapeto imatentha, masa imapsa, chitsulo chimagwirana ndi chinzake, mkono wa gudumu n'kuthyoka. Ine ndamanga magudumu kuyambira iwe usanathawe. Ndingaiwale kumene ndagona, koma kubweza poroka ayi."

Anawonjezera kuti poroka ya kumanzere pa Karocha imamasuka chobwerera. Wosadziwa amaipotoza monga zinzake, osazindikira kuti akuimanga, mapeto ake amaimenya ndi tchizulo mpaka kuiwononga. Ananena zimenezi monyadira, ngati chinsinsi cha banja.

Ndikunyamuka anandigwira mwendo wa buluku. Nthabwala zinali zitatha pankhope pake.

"Ndi mapazi awa, kutentha kwa ku Tete sindikatha mwezi, Adelino. Kayang'ane gudumu la kumanja. Lija silinachoke. Dzanja langa lili momwemo."

*

Karocha anaikokera kuseri kwa posto ya polisi, denga litapindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Sindinafune kuiyang'ana nthawi yaitali. Shefi Odete anavomera monyinyirika, ndipo tinaikweza pa zipika. Ndinayesa kuzunguza gudumu la kumanja. Linakana, kenako linayenda mokukuta ngati mphero yopanda mapira. Poroka yake tinachita kupondera sipanala ndi phazi kuti imasuke.

M'katimo munalibe chofiira. Munali phala lakuda la oyilo wakale wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, fungo lake lija la kumudzi. Rolamentu inali yakale, yodyeka timabowo ngati nkhope ya nthomba. Ndinapempha kuona poroka ya kumanzere, imene anaitola pamalo a ngozi. Inali yabuluu ndi moto, koma inalibe bala la tchizulo ngakhale limodzi. Amene anaimasula ankadziwa mbali yake.

Ndinaimirira ndikudzimva ngati ofufuza a m'mabuku amene ndinkakonza aja, amene amanena chiganizo chimodzi anthu onse n'kutsegula pakamwa. Ndinati wina anatsegula magudumuwa Nando atamaliza ntchito, anachotsa zatsopano, anaika zakale, n'kumanga mpaka mapeto. Shefi anapukuta zala zake pa udzu, chimodzichimodzi.

"Kapena Nando anaonetsa nkhalamba zatsopano, n'kubwerera kudzazichotsa kuti akagulitse. Mwanena nokha kuti wodziwa poroka yobwerera ndi iye. Dzulo ndinali ndi chidakwa chosasamala, a Adelino. Lero mwandipatsa mbava yopha munthu. Zikomo kwambiri."

*

Ndinapita kwa Lina, mwini baraka imene Nando amamwera, kukafunsa kumene iye anali kuyambira Lachiwiri mpaka tsiku la ngozi. Lina amayankhula ngati wailesi yopanda chozimitsira. Anati Nando anafika Lachiwiri madzulo akudzitama kuti wakwatitsa Karocha ndi zitsulo za ku Joni, ndipo sanachoke pansi pa mango wake mpaka Lachisanu. Nkhuku zinkamudumpha. Anachita kumufunditsa thumba la feteleza.

"Munthu wolephera kupeza zipi ya buluku lake akapeze poroka? Mukauze shefi abwere, ndimuonetse pamene anagona. Udzu sunadzukebe."

Ndinakamuuza shefi. Anati umboni woti woimbidwa mlandu anali chiledzerere sabata yonse aulemba mosangalala, koma sakuona mmene ukumuthandizira. Chilichonse chimene ndinkatola chinkasanduka chingwe china pakhosi pa Nando.

*

Lachinayi m'mawa ndinakapepesa kwa a Judite, mkazi wa malemu. Anakhala pamkeka atavala zakuda, korona ili m'manja, akuyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga m'tchalitchi. Anati galimoto itachoka kwa Nando, amuna awo anaiika m'shedi ya kutchalitchi, mmene inayenera kukhala mpaka Agosto. Mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Loweruka kunabwera foni yoti mwana wawo wamkazi ku Cassacatiza wavutika pobereka, ndipo njinga zamoto zonse zinali kumsika wa fodya. A Marcelino anati Karocha ipite, mabuleki ndi atsopano.

Ndinafunsa za kiyi wa shedi. Anandiyang'ana ngati ndanena za ku Zambia. Shediyo amamanga ndi waya chabe, poti ndi momwemonso amasungira chimanga cha chopereka, ndipo ndani angabe kwa Mulungu? Amalowamo ndi amayi okasesa, ndiponso Aderito wathu, amene amatuta chimanga cha mpingo pangolo kwaulere. A Marcelino ndiwo anamuimira pa ubatizo.

"Mwana uja Mulungu amudalitse, aphunzitsi. Anakana kuti bokosi likwere galimoto ya eni, anati padrinyu wake, bambo wake wa ubatizo, amunyamula yekha. Ndipo munaona chozizwa chija? Ngolo ija imamveka kutsidya kwa dambo. Koma tsiku la maliro, kuchokera pano mpaka kumanda, sinalire ngakhale kamodzi. Amayi akuti nayonso inapereka ulemu."

Pamaliropo ndinalipo. Ndinayenda kumbuyo kwa ngoloyo njira yonse ndipo ndinamva nyimbo zokha. Ndinakumbukiranso kuti masiku onsewo ndinkadzuka dzuwa litakwera, n'kumaganiza kuti thupi layamba kuzolowera kwathu.

A Judite anafunsa ngati ndadwala. Ndinati ndi dzuwa.

*

Ndinafika kunyumba masana, ng'ombe zili kudambo. Ngolo inali pamalo pake, pansi pa zenera langa. Ine amene ndinadya zaka makumi atatu ndi maso anga, wopeza chilembo chimodzi chopindika m'tsamba lodzaza, ndinakhala miyezi ndikuitukwana ngolo imeneyi osaiyang'ana kunsi. Ndinagwada. Magudumu ake anali pa chitsulo cha kutsogolo cha Karocha ina ija, yopsa pa nkhondo, zipsera za moto zikuonekabe pansi pa ndowe. Ndinachotsa chivundikiro chapakati pa gudumu ndi mpeni. Masa inali yofiira ngati phwetekere wakupsa.

"Amalume."

Aderito anali ataima kumbuyo kwanga, goli lili paphewa. Ndi munthu wamkulu thupi, wochepa mawu, amene amavula chipewa polankhula ndi ine ngakhale ndimadya zake. Sanakane. Anatula goli n'kukhala pansi ngati mwana.

Anati magudumu a ngolo anali atatsala pang'ono kugwa, kukolola kuli pakati, chimanga cha theka la mudzi chikudikira iye m'minda, ndipo chiswe sichidikira. Lachitatu la sabata ya ngozi ija, akutsitsa matumba m'shedi, anaona galimoto itafunditsidwa, yoti siyenda mpaka Agosto, ili ndi zitsulo zatsopano zongogona. Anabwereka. Anabwereka monga timabwerekera makwerero a kutchalitchi kapena khasu la mnansi amene wachokapo: umatenga, udzanena pobweza. Akanabwezera kukolola kukatha. Koma akale aja atawaika mu Karocha, magudumu ankagwedera, ndipo a Marcelino anali ndi chizolowezi chogwedeza magudumu akalowa m'shedi. Ndiye anamanga poroka mpaka kugwedera kutatha.

"Pangolo timamanga choncho, amalume. Imangolira basi, koma imayenda."

"Ng'ombe sizithamanga pa tala, Aderito."

"Loweruka ndinali kumunda wa kutsidya. Ndikanamva injini ndikanagona pamsewu."

Ndinamukhulupirira, ndipo zimenezo sizinathandize aliyense.

Mana Felizarda anatuluka m'khitchini manja ali ndi phulusa. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani. Malaya a Aderito a masa yofiira anachapa ndi iwo. Anauza mwana wawo achotse zitsulozo pomwepo, ndipo iye anamasula poroka ya kumanzere chobwerera, osaganiza n'komwe. Mana Felizarda anazikulunga m'kansanza ka kapulana, chitenje chakale, n'kundiikira m'manja. Zinali zolemera kuposa maonekedwe ake.

"Mawa m'mawa ukataye padziwe la kumlatho."

Ndinati Nando ali ndi shuga, ku Tete akafa. Anati Nando ndi nkhalamba yopanda ana, moyo wake anaumwa kale, pamene uyu ali ndi anayi ndipo wachisanu ali m'njira. Anati mwanayu sanafune kupha munthu, ndipo boma silidziwa kusiyanitsa kubwereka ndi kuba. Apa sananame. Ndinati tikhoza kupita kwa a Judite monga mwa mwambo, tikagwade, tipereke ng'ombe. Anandifunsa ngati ndinawaona mabotolo a petulo aja, kapena ngati ng'ombe imatsegula kalaboso.

"Ndinalera ndekha, Adelino, iwe ukuwerenga. Sindinakupemphe sopo. Sindinakupemphe kope la kusukulu. Wabwera chimanjamanja ndakuyalira mphasa. Ndinakupempha chinthu chimodzi, ndipo dzanja lako linali pamutu pake."

Akanatha kuponya okha m'chimbudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Anapereka kwa ine chifukwa ndi ntchito ya malume, ndiponso kuti dzanja langa lilowemo, ndisadzakhale ndi pakamwa.

*

Njira ya kumlatho ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pa posto ya polisi. M'mabuku munthu amakhala ndi khomo lakumbuyo, sitima ya m'mawa, mzinda wina wokabisalako. Ine ndinali ndi msewu umodzi, malire amene sindingawoloke kumpoto, ndi zotchinga za apolisi zofuna chitupa kummwera.

Galimoto ya boma inali itafika kale, woyendetsa akuthira madzi mu injini. Nando anamukhazika pa benchi panja, manja ali m'chingwe, nsapato zili pamiyendo poti mapazi anakana kulowa. Anayang'ana nkhope yanga, kenako kansanza kamene kanali m'manja mwanga. Mafuta ofiira anali atayamba kutulukira pansalu.

"Ndaganiza, dotolo. M'kalaboso muli nthawi. Zitsulo zija zimakwana pa zinthu ziwiri zokha m'boma lonse lino, ndipo chachiwiricho ndinachiwotcherera ndine."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanamuuze shefi.

"Mawu a chidakwa opanda chitsulo? Ndikatchula dzina, pofika masana zili m'madzi, ine n'kukhala wonamizira mwana wa mpingo. Komanso mlandu wa mwana umayambira kwa malume ake. Ndinkadikira iwe." Anayesa kuseka. "Pita kumene ukupita. Ukanandiyendera ku Tete, koma ndaiwala, ulibe mapepala."

Woyendetsa anatseka boneti n'kuliza injini. Wapolisi wina anadzutsa Nando, ndipo anayenda kupita kugalimoto ngati akuponda makala. Shefi Odete anatuluka mu ofesi akumanga lamba, nandifunsa ngati lero ndabweretsanso china chomuthandiza mnzanga.

Ndinayang'ana kumbuyo. Mana Felizarda anali atanditsatira kuti aone ngati ndifikedi kumlatho. Anaima kutsidya kwa msewu pansi pa mtengo wa mango, manja ali kumbuyo. Pambali pawo panali Aderito, chipewa chili m'manja.

Ndinamasula kansanzako pa boneti ya galimoto ya boma. Marolamentu anagubuduzika pang'ono n'kuima, akusiya mizere yofiira pa utoto woyera. Shefi anawayang'ana nthawi yaitali, nauza woyendetsa azimitse injini.

"Mwazitenga kwa yani, a Adelino?"

Ndinatembenuka. Ndinali kutsogolo kwa Aderito, msewu uli pakati pathu. Ndinakweza dzanja limene linagwira paliwombo pake ku Cassacatiza, ndipo ndinamuloza chala.